Alendo Amene Anasanduka Eni Nthaka: Makhanga, Nsembe ya Mbona ndi Chikondwerero cha Kwanzaa

Anthu amene anachoka kwawo mosafuna, kaya chifukwa cha nkhondo, ukapolo, msonkho kapena madzi osefukira, amakumana ndi funso limene anthu okhazikika salilingalira kawirikawiri, lakuti adzagwirizana bwanji ndi anzawo amene sali nawo pa ubale wa magazi, ndiponso kuti adzathira kuti nsembe pamene manda a makolo awo anatsala kutsidya. Dera la Makhanga, lomwe lili m'boma la Nsanje kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, kufupi ndi pomwe Ruo amathira madzi ake mu Shire, ndi malo oyenera kulingalirirapo funso limeneli, pakuti ambiri mwa anthu ake ndi zidzukulu za alendo, ndipo m'zaka zaposachedwapa iwonso ayamba kumwazidwa ndi madzi. Ku America, zidzukulu za akapolo zinayankha funso lomwelo pokhazikitsa chikondwerero cha masiku 7 chotchedwa Kwanzaa, ndipo mayankho awiriwa akaikidwa pamodzi amaonetsa chimene chimapatsa mwambo mphamvu yomanga anthu, komanso chimene mwambo umataya ukachoka pa nthaka imene unabadwirapo.

Eni akale a chigwa cha Shire ndi Amang'anja, omwe ndi nthambi ya Amaravi ndipo mfumu yawo yaikulu ndi Lundu, koma chigwa chimene boma la atsamunda linachipeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 chinali chitatsala ndi anthu ochepa. Ogwira akapolo ochokera ku Zambezi, amene wotchuka mwa iwo anali Matekenya, anali atatentha midzi. Chilala cha 1862 ndi 1863 chinabweretsa njala imene inasiya mitembo ikuyandama mu Shire. Ndipo Akololo, amene anabwera potsagana ndi David Livingstone, anatsalira n'kulanda ufumu m'dera la Chikwawa. M'mabwinja amenewo ndi momwe munadzalowa Asena, anthu otchulidwa ndi dzina la tauni ya Sena ya m'mbali mwa Zambezi, kumene Apwitikizi anakhazikika kuyambira zaka za m'ma 1500 n'kugawana dziko m'minda ikuluikulu yotchedwa prazo, imene mwini wake ankalamulira okhalamo ngati mfumu. Pamene makampani anatenga ulamuliro wa madera amenewo, msonkho unakula, amuna ankagwidwa kukagwira chibalo m'minda ya nzimbe ndi m'misewu, ndipo nkhondo ya Makombe ya mu 1917, imene anthu a ku Barue anaukira Apwitikizi, itatha mogonja, mabanja ambiri anathawira kumpoto. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, kupita ku Blantyre inatsegulidwa mu 1908, mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatha mu 1935, ndipo ulimi wa thonje unkafuna manja ambiri, kotero kuti alendowo anapeza njira yodzera komanso chifukwa chokhalira.

Alendowa sanali ofanana ndi eni nthaka pa zinthu zikuluzikulu za moyo. Amang'anja amatsata mtundu kuchikazi ndipo mwamuna amakakhala pachikamwini, pamene Asena amatsata kuchimuna, amalowola mkazi n'kupita naye kwawo, ndipo ana amakhala a bambo. Chilankhulo chinali china, magule anali ena, ndipo mizimu imene banja la Chisena linkaitchula pothira nsembe inali ya anthu oikidwa m'manda a ku Mozambique. Kusiyana kotereku kwagawa anthu m'maiko ambiri mpaka kukhetsa mwazi, choncho n'koyenera kufunsa chimene chinachititsa kuti m'chigwa cha Shire mitundu iwiriyi ikwatirane ndi kusakanikirana mpaka lero munthu wa ku Blantyre amangowatchula onse kuti ndi a ku Lower Shire.

Mbali yaikulu ya yankho ili m'nkhalango yaing'ono ya Khulubvi, kufupi ndi boma la Nsanje, momwe muli kachisi wa Mbona. Nkhani za moyo wa Mbona zimasiyana malinga ndi wofotokoza, koma mutu wake ndi umodzi: anali munthu wodziwa kuitana mvula, amene akuluakulu anamuchitira nsanje n'kumunamizira ufiti, ndipo anathawira kummwera adani akumulondola, mpaka anamupeza pamalo otchedwa Ndione. Zida zawo zinakanika kumulasa kufikira iye mwini atawauza chimene chingamuphe, magazi ake anasanduka mtsinje, ndipo mutu wake unakaikidwa ku Khulubvi. Wansembe wa Chikatolika wochokera ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anagwira ntchito m'chigwachi zaka zambiri n'kulemba buku lakuti River of Blood mu 1992, anagwirizanitsa nkhani imeneyi ndi nkhondo zimene Lundu anakulitsira nazo ufumu wake cha m'ma 1600. Chofunika kwambiri pa zimene anafotokoza ndi kusiyana kwa mitundu iwiri ya chipembedzo cha makolo. Pali kupembedza mizimu ya banja, kumene munthu amalowamo pobadwa ndipo mlendo sangalowemo. Ndiye pali chipembedzo cha dera, chimene chimakhudza aliyense wolima nthaka ya deralo ndi kumwa madzi ake, mosayang'ana kumene agogo ake anabadwira. Mbona ndi wa mtundu wachiwiriwu, ndipo ichi ndicho chinatsegulira Asena khomo, pakuti mvula ikakana imakanira Mmang'anja ndi Msena pamodzi, ndipo dzombe silifunsa mfunda wa mwini munda.

Kachitidwe ka nsembeyo kakuonetsa bwino mmene umodzi umenewu unkamangidwira. Chilala chikakula kapena kachisi akagwa, uthenga unkayenda kuchokera kwa akuluakulu a ku Khulubvi kupita kwa mafumu, ndipo mafumu monga Lundu, Tengani, Ngabu ndi Malemia aliyense anali ndi mbali yake imene wina sakanamugwirira. Nyakwawa inkayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa mapira ndi mawere ofululira mowa wa nsembe, ndipo mayi wa m'nyumba ankatapa m'nkhokwe yake ngakhale itatsala pang'ono kutha, chifukwa kukana kupereka kunali kudzipatula pa mudzi. Olowa m'nkhalangomo amavula nsapato n'kuvala nsalu yakuda, mtundu wa mitambo ya mvula, ndipo otsogolera mwambo amayenera kudika, kutanthauza kusakhala malo amodzi ndi akazi awo masiku a mwambowo, kuti akafike pamalo opatulika ali ozizira. Mtengo wa m'Khulubvi sudulidwa ndipo nyama yake siphedwa. M'katimo munkakhala mayi wotchedwa Salima, amene ankatengedwa kuti ndi mkazi wa Mbona, ndipo anthu ankakhulupirira kuti mwamuna wakeyo amamuyendera m'maonekedwe a nsato. Panalinso munthu wobwebweta, amene mzimu unkamugwira n'kulankhula kudzera mwa iye, ndipo mawu ake nthawi zambiri ankadzudzula mafumu ndi anthu pa zimene analakwira nthaka ndi anzawo. M'zaka za m'ma 1950, pamene alangizi a boma la atsamunda ankakakamiza alimi kuunda mizere ndipo okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa, m'nyengo imene inadzatchedwa nkhondo ya mitumbira, mbiri inamveka m'chigwa chonse kuti Mbona sakondwera ndi malimidwe atsopanowo, ndipo alimi a mitundu yonse iwiri anapeza m'dzina lake mphamvu yokanira limodzi.

Nsembe ya ku Khulubvi inkachitika mwa apo ndi apo, koma panali mwambo wina wa tsiku ndi tsiku umene unkachita ntchito yofananayo pabwalo la mudzi. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, amene anafufuza kwambiri za chigwachi, anautchula m'mutu wa buku lake la mu 2005 lakuti The End of Chidyerano. Chidyerano ndi kadyedwe kamene mabanja angapo oyandikana amaphika aliyense pakhomo pake, koma mbale zonse amazitengera pamalo amodzi, amuna n'kudya paokha, akazi paokha. Mbale ya nsima ya mapira yochokera kwa mayi wamasiye imene ndiwo yake ndi masamba okha inkakhala pambali pa mbale ya mlamba wowamba yochokera kwa msodzi, manja onse ankapisa monsemo, ndipo mwana wamasiye ankakhuta popanda wina kumutchula kuti wathandizidwa. Ubwino wa kadyedwe kameneka unali pa mfundo yakuti kankabisa umphawi pamene kakuuchepetsa, pakuti palibe ankapempha ndipo palibe ankathokozedwa. Mandala anasiyanitsa chaola, njala yoopsa imene imabwera kamodzi pa zaka zambiri, ndi njala ya chaka ndi chaka ya miyezi imene nkhokwe zatha koma zam'munda zisanache, ndipo ndi njala yachiwiriyi imene chidyerano chinkaifewetsa. Asena nawo anabwera ndi nomi, gulu la anyamata ndi atsikana limene linkagwira ganyu pamodzi m'minda ya thonje, kusunga malipiro m'thumba limodzi, n'kudzachita phwando lalikulu la zakudya ndi magule nyengo yokolola itatha. Phwando la nomi ndi chitsanzo chenicheni cha chikondwerero cha anthu osamuka chimene chinakhazikika m'chigwachi, ndipo mphamvu yake inali yakuti wovina aliyense anali atayamba wagwira khasu.

Zidzukulu za Aafirika ku America zinalibe Khulubvi woti zipiteko. Kuyambira 1619, pamene Aafirika oyamba anatsitsidwa ku Virginia, mpaka 1865, pamene ukapolo unathetsedwa, anthu ankagulitsidwa mosiyanitsa mayi ndi mwana, maina awo anasinthidwa ndipo zilankhulo zawo zinafa, kotero kuti pofika zaka za m'ma 1900 ambiri sankadziwa ngakhale dera la Afirika kumene makolo awo anagwidwa. Mu Ogasiti 1965 kunabuka zipolowe ku Watts, dera la anthu akuda mumzinda wa Los Angeles, zimene zinapha anthu 34, ndipo chaka chotsatira, mu 1966, Maulana Karenga, yemwe pambuyo pake anakhala mphunzitsi wa pa yunivesite, anakhazikitsa Kwanzaa ngati njira yomangiranso anthu osweka mtima. Anatengera chitsanzo pa miyambo ya zipatso zoyamba ya kummwera kwa Afirika, monga ya Azulu ndi Aswazi, yomwe ndi abale a Ncwala imene Angoni a Mpezeni amachita ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata mu Febuluwale, ndipo anasankha Chiswahili kuti chikhale chilankhulo cha mwambowo, poti chimalankhulidwa m'maiko ambiri ndipo sichinali cha fuko limodzi.

Chikondwererochi chimayamba pa 26 Disembala n'kutha pa 1 Januwale, ndipo tsiku lililonse lili ndi mfundo yake mwa mfundo 7 zotchedwa Nguzo Saba: umodzi, kudzisankhira tsogolo, kugwira ntchito pamodzi ndi kusenzerana udindo, kutukulana pa chuma, kukhala ndi cholinga, luso lopanga zatsopano, ndi chikhulupiriro. Banja limayala mkeka patebulo, n'kuikapo zipatso ndi zokolola, ngala za chimanga zoimira ana a m'nyumbamo, chikho chimodzi chomwera onse, ndi choikapo makandulo chotchedwa kinara, chimene chimanyamula kandulo yakuda pakati, zofiira zitatu mbali ina ndi zobiriwira zitatu mbali inayo. Madzulo aliwonse amayatsa kandulo n'kukambirana mfundo ya tsikulo, pa 31 Disembala amachita phwando lotchedwa karamu, ndipo amathira madzi kapena chakumwa pansi akutchula maina a makolo ndi a anthu amene anamenyera ufulu. Poyamba mwambowu unkaonedwa ngati wolowa m'malo mwa Khirisimasi, koma pambuyo pake Karenga anafotokoza kuti ndi wa chikhalidwe ndipo munthu wa mpingo uliwonse angauchite, ndipo pofika 1997 unali utadziwika mokwanira kuti boma la America litulutse sitampa ya positi youkumbukira.

Ena amaunyoza mwambowu kuti ndi wochita kupanga, wosakaniza zinthu za mafuko osiyanasiyana, ndiponso kuti makolo a anthu ambiri akuda a ku America anachokera kumadzulo ndi pakati pa Afirika, kumene Chiswahili sichilankhulidwa. Mfundo zimenezi n'zoona, koma chinyozocho n'chosayenera, chifukwa munthu amene analandidwa zonse alibe kuchitira mwina koma kumanga ndi zimene watola, ndipo miyambo yambiri imene Amalawi amaitcha yakale inachita kudzutsidwa kapena kukonzedwanso m'zaka zomwe anthu amoyo akuzikumbukira. Ndiponso chigwa cha Zambezi sichili kunja kwa mbiri imeneyi, popeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 doko la Quelimane linatumiza akapolo ambiri ku Brazil, ndipo mpaka lero m'zikondwerero za Congado za ku Minas Gerais muli magulu ovina otchedwa Moçambique. Kusiyana kwenikweni kuli pena. Mu Kwanzaa mfundo za umodzi zimatchulidwa ndi kuphunzitsidwa, pamene m'chigwa cha Shire palibe amene ankazindandalika, chifukwa zinali ngongole imene munthu ankalipira ndi mapira a m'nkhokwe yake, ndi thukuta lake ndi mbale yake ya nsima. Uzimu wa Kwanzaa ndi wa chikumbutso ndi kulimbikitsana, ndipo amene sanayatse kandulo palibe chimamuchitikira. Uzimu wa ku Khulubvi unali ndi mantha m'kati mwake, pakuti kulakwa kwa munthu mmodzi kunkatha kumanitsa mvula dziko lonse. Koma Kwanzaa ili ndi chinthu chimene nsembe ya Mbona ilibe, ndicho chakuti imanyamulika, moti banja lingaichite m'chipinda chalendi mumzinda uliwonse, pamene Mbona ndi wa nthaka yake ndipo sasamuka.

Umodzi wa m'chigwachi unayesedwa kwambiri nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique. Kuyambira 1986 anthu anawoloka Shire ndi Ruo mwaunyinji, dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo m'boma la Nsanje alendowo anachuluka kuposa eni dera. Ena anakhala m'misasa monga wa Mankhokwe, koma ambiri analandiridwa m'midzi ndi anthu amene ankalankhula nawo chilankhulo chimodzi ndi kutchula mifunda yofanana, anapatsidwa pomanga ndi polima, mpaka pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992 linawatsegulira njira yobwerera. Mitengo inatha ndipo minda inachepa, komabe anthu amene agogo awo analandiridwa ngati alendo anadziwa kulandira ena.

Tsopano ndi anthu a ku Makhanga eniake amene akusamuka. Mu 1997 madzi anakokolola njanji pafupi ndi Chiromo, ndipo sitima yochokera ku Limbe inayamba kuthera pa Makhanga osafikanso ku Bangula ndi ku Nsanje. Mu Januwale 2015 madzi anazinga deralo moti thandizo linkafika pa boti ndi pa helikopita, kenako kunabwera namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Boma lakhala likupempha anthu kuti asamukire kumtunda, ndipo anthu a m'tauni amadabwa kuona ena akubwerera kumene madzi anawapitikitsa, osadziwa kuti madzi omwewo akaphwa amasiya dothi lachonde la kudimba, kumene chimanga, mbatata ndi nyemba zimacha m'chilimwe popanda feteleza, kuti m'madambo muli nsomba ndi nyika, mizu ya maluwa a m'madzi imene imapulumutsa anthu m'chaka cha njala, ndiponso kuti mfumu ikasamukira m'dera la mfumu inzake imasanduka mlendo wopempha malo ngakhale a manda. Pamsasa wa anthu othawa madzi chakudya chimagawidwa potsata kaundula wa mabanja, thumba la ufa ndi botolo la mafuta pa dzina lililonse, ndipo kagawidwe kameneka, ngakhale kamateteza chinyengo, kamaphunzitsa banja lililonse kudyera m'tenti yake.

Zina mwa ntchito za chidyerano ndi nomi zalowa m'manja mwa magulu atsopano. Miphakati ya Akatolika ndi magulu a amayi a m'mipingo ina amaphikira odwala ndi kulimira okalamba, mabanki a m'mudzi amasunga ndalama m'thumba limodzi n'kugawana pakutha pa chaka, ndipo ana a m'chigwachi amene ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg amasonkherana pa WhatsApp kuti thupi la mnzawo likaikidwe kwawo. Mipingo ina imaletsa akhristu ake kusonkha za nsembe, ndipo si zonse zakale zoyenera kulirira, pakuti mwambo wa kulowa kufa, wokakamiza mayi wamasiye kugona ndi mwamuna kuti achotse imfa pamudzi, unazunza amayi ndi kufalitsa kachilombo ka HIV, ndipo mafumu amene anauletsa anachita bwino. Pa nthawi yomweyi dziko ladzaza ndi zikondwerero za mitundu: Achewa amapita ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, Alomwe, amenenso makolo awo anachokera ku Mozambique, amasonkhana pa Chonde ku Mulanje, Angoni ali ndi Umthetho ku Mzimba ndi Umhlangano ku Ntcheu, ndipo Asena ndi Amang'anja nawonso ali ndi mgumano wawo, kumene utse, likhuba ndi valimba zimamveka. Kunyadira chilankhulo ndi magule n'kofunika, makamaka kwa Asena, amene kwa zaka zambiri ankachita manyazi kulankhula Chisena m'tauni poopa kusekedwa. Chodetsa nkhawa n'chakuti zikondwerero zambiri zoterezi zimayendera ndalama za andale ndi za makampani, anthu wamba amabwera pa lole kudzaonerera ndi kuombera m'manja alendo olemekezeka, ndipo palibe chimene mudzi umasonkha kuchokera m'nkhokwe zake.

Mu 2011 boma la Malawi linaika Khulubvi ndi malo ena a Mbona pa mndandanda wa malo oyembekezera kuzindikiridwa ndi bungwe la UNESCO, zimene zingathandize kuteteza mitengo ndi kachisi. Chimene mndandanda wotere sungateteze ndi njira imene mapira ankayendera kuchoka pakhomo la mlimi wa kum'mawa kwa Shire kukafika kunkhalangoko, kudzera mwa nyakwawa ndi mafumu amene ankadziwa khomo lililonse. Mapulani osamutsa anthu amawerenga mapuloti, mijigo ndi zipinda za sukulu, ndipo zonsezi n'zofunika, koma anthu osamutsidwawo amafunsanso ngati abale amene ankadyera pabwalo limodzi adzapatsidwa mapuloti oyandikana, ngati adzaloledwa kupitiriza kulima madimba awo akale m'chilimwe, ndiponso ngati nyakwawa yawo idzakhalabe ndi mphamvu yoitanitsa msonkhano ndi kuweruza milandu pamalo atsopanowo.